Geti la a Nkhuwa

Laputopu iyi ndinaigula ku msika wa Soweto
kwa mnyamata wa dzino lobenthuka
amene analumbira kuti imangodwala chimfine.
Titafika ku Mtendere inakana zithunzi,
inakana mitundu, inakana chilichonse chokongola.
Yotamu, mlamu wanga wodziwa mawaya,
anaisesa m'mimba usiku wonse
n'kundisiyira mdima:
sikirini yakuda bii,
ndi kamzere koyera kophethira pakona
ngati munthu amene wafunsa funso ndipo sakuchoka.

Lemba, anatero. Imamva zolemba basi.

Ndiye ndimalemba.
Malo khumi ndi asanu ndi limodzi pamzere uliwonse.
Kadontho ndi chete. Chilembo ndi kugunda.
Kakuwala kamayenda pamwamba pake kuchokera kumanzere,
kakafika kumapeto kamabwerera osadandaula,
monga minibasi ya mumsewu umodzi moyo wonse.

Masana ndimakhala m'kanyumba kachitsulo pa Kulima Tower,
kutumiza ndalama za anthu kwa anthu ena.
Foni yanga ili chigonere pa kauntala, khutu lili tcheru.
Yaba kale mawu a ng'wang'wazi wosasa pakhosi,
Chelstone! Chelstone! mmodzi yekha!
Ndinadula Che, zotsalazo ndinataya.
Yaba nyundo ya mayi wophwanya miyala m'mbali mwa msewu,
khobidi logwa pa simenti n'kuzungulira, n'kuzungulira,
mvula ya Disembala itangoyamba kulawa malata.
Zonsezi zili m'mafayilo, ndinazipatsa manambala
ngati odwala pa kiliniki.

Koma mfumu ya zonse linali geti la a Nkhuwa, eni nyumba.
Likamatseguka linkalira kawiri,
kaye mokweza ngati mwana wapondedwa chala,
kenako motsitsa, ngati bambo wovomera ngongole.
Ndinalitsitsa mawu ndi manambala atatu
mpaka linasanduka chinthu chogunda m'chifuwa,
n'kuliika pa malo oyamba, achisanu ndi chiwiri, ndi a khumi ndi chimodzi.
Pamenepo nyimbo inaimirira ndi miyendo yake.

Magetsi kuno amabwera thuu koloko usiku,
mwakachetechete, ngati mwamuna wolakwa.
Ndimadzuka, ndimafunda chitenje, zala pa kiyibodi.
Kawiri konse anachoka ndisanasunge.
Sindinalire. Ndinatukwana pang'ono.

Loweruka lapitali a Nkhuwa anagula girizi.
Ndinawapeza atagwada, malaya atapinda,
akudyetsa geti ndi chala.
Madzulo linatseguka ngati silinakhalepo ndi pakamwa.
Ndinaima panja ndi thumba la tomato
ngati wafika pamaliro mochedwa.

Ndinawaitana. Ndinawaveka zomvera m'makutu,
waya wake womata ndi selotepi,
n'kudina batani lalitali lija.
Anayang'ana madontho akuthamanga mumdima.
Zilembo zokhazokha, anatero, nyimbo ili pati?
Kenako nsidze zinakwera.

Ili ndi geti langa.
Ee, ndi lanu.
Ndiye lendi ikwera.

Tinaseka. Iwo anayamba kusiya.
Malemu mayi Tisauke, anatero, ankakana kuti ndilithire mafuta.
Ankati ndi wotchi yawo,
ankadziwira pomwepo nthawi imene ndalowa,
ndi mmene ndalowera.
Zaka zinayi tsopano likulirira munthu amene kulibe.
Ndinatopa nalo.

Kakuwala kanafika kumapeto, kanabwerera.
Geti linalira pa malo oyamba,
pa achisanu ndi chiwiri,
Che, Che, nyundo, khobidi,
pa khumi ndi chimodzi.

Ndinafunsa ngati ndilichotse.
Ndi chilembo chimodzi chokha, ndinatero,
ndikaika kadontho, latha.

Sanayankhe. Girizi anali adakali m'zikhadabo zawo.
Batire linatsala ndi manambala anayi,
kunja galu wa kwa Zulu anayamba zake,
ndipo iwo, chala chili m'mwamba ngati ali m'kalasi,
anati: chotsako wa minibasiyo kaye,
ndilimve lokha.