Makalata a M'magazi

Tinabadwa usiku umodzi, kwa Katuli,
m'khola lam'mwamba la Abiti Mbwana,
timbuzi tiwiri tatimuna, tonyowa ngati tavuulidwa mumtsuko.
Ine ndinafika patatha miyezi iwiri.
Njinga yamoto inandifera pachitunda cha Namwera,
ndinachita kuikankha mpaka pakhomo,
chopanira chili m'chikwama pamodzi ndi chinangwa chootcha.

"Fulani kamawangaka," anatero mayiwo,
"kenako kasiyeni, ndi mbewu."
Ndinapana kawiri. Magazi sanatuluke.
Kanalira, kanadzuka, kanathamangira kubere.

Lero ndabweranso, chaka chatembenuka.
Kosiyidwa kaja ndi tonde tsopano,
ndevu, khosi ngati mtondo,
fungo lake likulonjera usanaodire.
Sakudya. Usiku wonse akubwebweta pampanda,
kudzikodzera kumaso ngati wazungulira mutu,
nthiti zayamba kuwerengeka.
Mfule ali phee pansi pa mtengo wa mango, akubzikula,
msana uli see, mafuta mpaka kumchira,
ogula mbuzi za Idi ayamba kale kumuzungulira.

Mayi mmodzi, msipu umodzi, madeya a m'beseni limodzi.
"Che dokotala, munachotsamo chiyani
poti simunadule kanthu?"

Ndiyankhe bwanji?
Kusukulu tinkati mahomoni,
tinkajambula mivi pabolodi
kuchokera pa kachiwalo ka pansi pa ubongo,
kochepa ngati nsawawa, koma kolamula nyama yonse.
Pano palibe bolodi. Pali mphasa ndi nkhuku.

Ndikuti: mayi, thupi limadzilembera makalata.
Alibe envulopu, alibe mtumiki,
amangoyenda m'magazi,
ndipo chiwalo chilichonse chimatsegula yake yokha.
Ina imauza fupa kuti talika.
Ina imauza tonde kuti iwala chakudya, nunkhiza mphepo.
Ine tsiku lija ndinangotseka positi imodzi.

Onani thadzi lanu lakudali.
Mazira munagulitsa Lachiwiri
koma lafungatirabe chisa chopanda kanthu,
nthenga zapamimba lazula lokha,
ukaliyandikira likulusa.
Linalandira kalata yoti khala,
yoti dzuka sinafike.

Mukukumbukira kambuzi ka chaka chatha,
kobadwa ndi chotupa pakhosi, kozizira, kaulesi?
Pakhosipo m'pamene pamalembedwa
kuti moto wa chakudya uyake bwanji m'thupi.
Inki yake inasowa.
N'chifukwa chake ndinkakakamira za mchere wa ayodini
inu n'kumati ndikukudyerani ndalama.

Ndi mkaka womwe:
mbuzi imaumana ikachita mantha,
koma kamwana kakangogunda bere ndi mphuno
kalata yathamanga kale, mkaka watsika.

Abiti Mbwana asiya kupeta.
Lichero lili pamiyendo, mpunga uli duu.
Akuyang'ana kuseri kwa khola, kumene kulibe choyang'ana.

"Ndiye n'chomwecho," akutero.
"Asiyatu wanga tinamuika Lachisanu,
ali ndi miyezi inayi.
Anthu anabalalika, mphasa tinapinda,
koma mkaka unkangobwerabe.
Masabata awiri ndikumanga chitenje pachifuwa,
chikunyowa, ndikuchapa, chikunyowa.
Mwana wa eni akalira kuchigayo
ine kuno kwayamba kudontha.
Mudzi wonse unamva za malirowo.
Nanga thupi langali, sanaliuze ndani?"

Mivi ija ya pabolodi
palibe ndi umodzi womwe unaloza apa.
Dzina la kalatayo ndikulidziwa,
ndinalikhoza pamayeso,
koma landikakamira kukhosi ngati mbatata yopanda madzi.

Ndatsegula buku la ntchito.
Mbuzi zisanu ndi ziwiri, mankhwala a njoka zam'mimba.
Tonde mmodzi, wawonda, apatsidwe madeya payekha.
Thadzi aliikire mazira a nkhanga,
lisakhalire chabe.

Mayiwo atolanso lichero.
Pampanda tonde wakweza mlomo kumwamba,
akuwerenga mphepo yochokera kukhola la Che Twaibu.