Bwera Nkhungu Isanathe

Tarcisio, mlongo wanga,
ndamva kuti tchuthi chako wachikonzera kunyanja ya mchere,
kumene anthu amagona pamchenga ngati nsomba zoyanika.
Bweza tikitiyo.
Bwera kuno ku Langhe.

Sindikunyengerera ndi zithunzi za pakalendala.
Bwera mu Okutobala, nkhungu ikamadzuka mumtsinje wa Tanaro
n'kumeza chigwa chonse, misewu, manda, sukulu yathu ija,
n'kusiya nsonga za zitunda zokha
zikuyandama ngati zidutswa za buledi m'mbale ya mkaka.
Umangoima pakhonde, khofi ali m'manja,
osadziwa ngati belu likuliralo
ndi la ku Neive kapena la kumwamba.

Mphesa zapsa mochedwa chaka chino.
Matalala a mu Julaye anatikwapulira mizere isanu ndi iwiri,
Severino analira ngati khanda, chipewa chili m'matope.
Koma zotsalazo, iwe, zotsalazo!
Zakuda bii, zokutidwa ndi kafumbi kotuwa.
Ukaluma imodzi, khungu lake limayamba lakuumitsa lilime,
kutsekemera kumabwera pambuyo, mwakachetechete,
ngati chipepeso cha munthu wamakani.

Sizasi yako ikadali pamsomali womwe uja.
Ndinaithira mafuta.
Tsiku limodzi lokha m'mizere, msana udzakuuza
zonse zimene mpando wa kubanki ku Milano wakubisira zaka khumi.
Zala zidzada, madzi a mphesa adzamata mpaka m'zigongono,
mavu adzakuzungulira ngati eni ngongole,
ndipo masana Nives adzakwera ndi thirakitala yake yotsokomola ija
atanyamula buledi, tchizi cha mbuzi, nyama yofutsa.
Tidzadyera pansi,
tikunyoza boma ndi mtengo wa dizilo.

Masamba nawo adzakhala atayamba misala yawo:
mzere uwu wofiira psuu, winawo wachikasu,
phiri lonse ngati layaka moto wopanda utsi.

Usiku, maondo akalola,
Ottavio adzakutenga kuthengo ndi Birba, galu wake wa khutu limodzi,
kukasaka bowa uja wobisala pansi pa mizu ya thundu,
wonunkhira ngati adyo wonyowa ndi mvula yoyamba.
Sadzakuyankhula. Tochi adzazimitsa.
Malo akewo ngakhale wansembe sanawamvepo m'kuulula.
Pobwerera mudzanama kuti simunapeze kanthu,
mwambo wake ndi umenewo,
kenako m'mawa ndidzakupalira pamazira okazinga
ndipo udzatseka maso, ndikukudziwa.

Alendo amabwera pamabasi, a ku Germany, a ku Japan.
Amazunguza tambula, kununkhiza, kulawa, kulavulira m'ndowa,
n'kulemba m'timabuku tawo: maluwa ouma, phula, chikopa.
Asiye alembe, ndiwo anatifolerera denga.
Ena ndi anthu abwino:
mayi wina analira ataona dzuwa likulowa kuseri kwa nsanja ya ku Barbaresco,
osatha kutiuza chifukwa m'chinenero chilichonse.
Koma iwe sindidzakupatsa ndowa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndikudziwa,
ndipo ndadekha.
Ndadulira mipesa nyengo khumi zachisanu ndili ndekha,
ndikuuza anansi kuti ntchito yakuchulukira.

M'chipinda cha pansi, kuseri kwa migolo ikuluikulu,
muli mabotolo asanu ndi limodzi opanda pepala,
a chaka chimene bambo anakolola komaliza.
Choko chawo chikuonekabe pathabwa: dzina lako,
lokhotakhota, dzanja litayamba kale kunjenjemera.
Sindinatsegule ngakhale limodzi. Si anga.
Ndimangowapukuta fumbi Pasaka iliyonse.
Koma vinyo si mwala, Tarcisio.
Amadikira, amadikira,
kenako amatopa.

Sitima imafika ku Alba dzuwa litapendeka.
Ndidzakhala panja pa siteshoni m'kagalimoto kofiira kaja,
chitseko chakumanzere sichitsegukabe, udzalowera kwanga.
Usagule mphatso.
Bwera ndi nsapato zoti zide.

Ndine mlongo wako,
Ersilia.