Phwetekere wa pa Lizulu

Ndimagulitsa phwetekere pa Lizulu,
ndikudziwa zimene msewu umachita ndi dengu.
Ukamutsitsa m'lole, khungu lili see, lofiira,
wogula n'kusirira.
Dinikiza ndi chala: m'kati madzi okhaokha.
Palibe anamumenya. Anangogwedezeka basi.

Anandikumbutsa ndi a Kamphinda, alangizi a zaumoyo,
tsiku la sikelo, mwamuna ndekha pa benchi ya amayi.
Anatenga mmodzi, namuponya m'chitini,
natseka, nakhutchumula katatu.
Atatsegula, tonse tinangoti zii.
"Ubongo wa khanda ndi umenewu," anatero.
"Mutu wolemera, khosi lanthete ngati nsonga ya nkhwani.
Magazi amakhera m'kati, inu osaona.
Ena sapenyanso. Ena sadzuka."

Ndiye unafika usiku uja wa mu Juni,
mphepo ya m'mapiri ikulowera pansi pa chitseko,
Nangozo atatheratu, masiku atatu osaona tulo,
Sungeni akulira.
Bere wakana. Thewera louma. Thupi silikutentha.
Ndamuimbira, ndayenda naye
kuchoka pa mtsuko kufika pa njinga,
pa njinga kubwerera pa mtsuko,
akulirabe, kulira kobaya ngati waya m'khutu,
ine folo koloko ndikalandire katundu.

Ndinamva zala zanga zikulimba m'khwapa mwake.
Ndinamva mawu anga: "Takhala chete iwe!"
Manja anali atatsala pang'ono kuuyamba.

Chitini chija chinalira m'mutu mwanga.

Ndinamugoneka chagada pa mphasa,
ndinachotsa bulangete kumaso kwake,
ndinatuluka.
Panja ndinawerenga nyali za malole opita ku Lilongwe.
Asanu ndi awiri.
Ndinalira nanenso, ndevu zonsezi.
Iye ankalirabe m'nyumbamo,
koma wolira ndiye kuti akupuma.

Kenako ndinakagogoda kwa Nanjobvu:
"Mayi, manja anga atopa, ndibwerekeni anu."
Sanafunse kanthu.
Anangofunda chitenje, natsogola.

Lero Sungeni amakwawa pansi pa thebulo langa
kuluma malonda ndi mano ake awiri,
ine ndimangolemba m'mutu: waluza bambo, wapindula mwana.

Mnyamata wa kabaza akabwera akumwetulira
kuti mkazi wake wachira kuchipatala,
ndimamuikira mmodzi wa mbasela m'manja,
wakupsa kwambiri uja,
ndi kumuuza: "Gwira. Ayi, osafinya.
Tsamiritsa njingayo apo,
takhala pansi pang'ono."