Kope la banki m'khonde

Kope ndinalipeza patatha masiku asanu,
lili m'jumbo, jumboyo itakodwa pa chitsa cha tiyi
kumunsi kwenikweni, kufupi ndi Muloza.
Inki inayenderera, koma maina ankawerengeka.

Nakhumwa: ngongole ya feteleza, yatsala theka.
Esinala Muhiwa: masheya asanu ndi atatu.
Make Tereza: chindapusa chochedwa, sanapereke.
Onsewa phiri linawatenga usiku umodzi.
M'manda tinaikamo mathunthu a nthochi,
tinaimba ngati muli anthu.

Kuno kumene anatipatsa malo
satitchula ndi mfunda wathu.
Amati a kumatope.
Poyamba linkatiwawa dzinali, pamjigo tinkatunga pomaliza,
ndowa zathu zofanana zonse, za chithandizo, zobiriwira,
zinkatiulula tisanatsegule pakamwa.
Lero anyamata athu alilemba pa malaya a timu ya mpira
ndipo akagoletsa amalifuula okha.

Zaka sitiwerenganso ndi manambala.
Timati: anakwatiwa matope asanabwere.
Timati: mbuzi iyi ndi ya pambuyo pake.
Mwana wa Mulipa, wobadwira m'kalasi tili pamsasa,
dzina la ubatizo lilipo, koma tonse timati Folo,
poti munali mu Sitandade Folo.
Chaka chino walowa sukulu yomweyo.

Mwala umene unagona pabwalo la tchalitchi
sunasunthe. Amayi ayamba kuyanikapo makaka.
Ine sindinayanikepo.
Mvula ikagwa masiku atatu osakata
palibe amene amavula nsapato pogona,
ndipo mluzu uli pamsomali kwa Khoviwa, wa khutu lakuthwa,
amene kale tinkamuseka kuti ndi wamantha.

Gulu timakumanabe Lachinayi.
Tilipo khumi ndi asanu ndi anayi, ena ndi eni dera,
omwe aja ankatipingasa pamjigo.
Wina wa iwo anafunsa tsiku lina:
bwanji tsamba loyamba la kope latsopano
lili ndi maina a anthu osabwera?

Ndinati ngongole ya Nakhumwa tinaigawana,
aliyense pang'ono, mpaka inatha mwezi wa nandolo.
Masheya a Esinala anagulira mwana wake yunifolomu.
Koma chindapusa cha make Tereza tinachisiya dala.
Sabata iliyonse ndimaitana dzina lake,
timadikira pang'ono, maso kunjira,
kenaka ndimalemba kuti wachedwa.