Mapu Patebulo, Agalu Pansi Pake

Ndayala mapu patebulo la kukhitchini,
kapu ya tiyi yapsinja ngodya ya kumpoto.
Pansi pa tebulo Cadi akuliza mkonono,
Twm akutafuna nsapato ya malemu Idwal,
ija ndinalephera kutaya.

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndikuyendetsa basi mu Swansea.
Dzenje lililonse la mumsewu wa ku Morriston
msana wanga umalidziwa ndi dzina.
Tsopano ndikufuna kumene usiku ndi usikudi,
kumene galu angakuwe mpaka mawu kusasa
popanda wina kumenya khoma ndi tsache.

Nesta, mwana wanga, akuti pafoni:
Amayi, muyeze kutalika kwa chipatala.
Ndayeza kale ndi chala, ndamuyankha,
osamuuza kuti chipatala chake ndi cha ziweto.

Nyumba yoyamba inali pamwamba pa phiri, kuseri kwa Machynlleth.
Mazenera ake, maso kudya mpaka kunyanja.
Koma masitepe khumi ndi anayi.
Cadi anaima pansi pake, nandiyang'ana,
mawondo anga namuvomereza.

Yachiwiri inali m'mbali mwa mtsinje.
Mnyamata wogulitsa, tayi wake wonyezimira,
anati kuno madzi sanasefukirepo.
Twm ananunkhiza khoma, kuyetsemula kawiri.
Penti anali wa dzana,
koma mphuno ya galu sinamizidwa ndi penti.

Yachitatu, kufupi ndi Tregaron, sinali yokongola.
Denga lodontha pakona, mpanda wogwa chagada,
nkhupakupa zodikira m'maudzu,
basi imadutsa Lachiwiri ndi Lachisanu,
ine amene ndinkadana ndi kuchedwa kwa mphindi ziwiri.
Tili pabwalo, kunatulukira bambo wa jekete long'ambika pachigongono,
Emlyn Probert, mwini nkhosa zonse za kutsetsereko.
Moni sanapereke.
Galu wothamangitsa nkhosa za bere ndimawombera, anatero.
Ndanena lero kuti mawa tisadzadane.

Twm ndi wakuba, sindibisa, ndinati.
Mpanda ndiuimika ndisanapachike makatani.

Anakhala chete, maso pa Cadi,
pa imvi za kukamwa kwake.
Kenaka anagwada m'matopemo, bondo limodzi,
kumusisita m'chiuno ngati wodziwa pamene pamawawa.
Wanga anapita mu Febuluwale, anatero,
akuuza galuyo, osati ine.

Podzuka anandifunsa za mumtima mwa Nesta:
Mukadzagwa kubafa, adzadziwa ndani?
Ndinasowa chonena.
Utsi, anadziyankha yekha.
Naini ikakwana chumuni chili zii,
ndidzatsika.

Usiku uno ndikuwerengera zimene sauza munthu kubanki.
Cadi mwina watsala ndi dzinja limodzi la chipale.
Twm, zaka khumi, akapanda kulakwira Emlyn.
Ine sindidziwa.
Pakati pa atatufe wina adzatsala yekha pakhomo
kudikira phazi limene silibwera,
ndipo ndikufuna pakhale munthu woona utsi.

Chimene sindinauze wogulitsa nyumba ndi ichi:
iye ali kalikiliki kufuna makiyi m'thumba,
ndinazemba kupita kuseri, pansi pa mtengo wa maapozi,
n'kuponda nthaka ndi chidendene.
Inali yofewa.
Fosholo ingalowe ngakhale m'manja mwa nkhalamba.

Cadi anali atagona pomwepo, padzuwa lochepalo,
mutu pa miyendo, maso otseka,
ngati wafika kale.

Ndanyamula kapu ija.
Yasiya mkombero wa tiyi pa mapu,
osati pa Tregaron, patali ndithu, m'nyanja.
Zilibe kanthu.
Mawa ndiimba foni nthawi ya naini,
kenaka ndikagula waya wa mpanda, mipukutu itatu,
ndi mankhwala a nkhupakupa.
Twm, siya nsapatoyo.
Kapena ayi, tidzapita nayo.