Zimene Sindilemba m'Kaundula

Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse
timakumana m'chipinda chapamwamba kwa ozimitsa moto,
pansi pathu galimoto yofiira ili m'tulo ta nkhalamba.
Kiyi amasunga Leokadia. Amachedwa dala
kuti tisaiwale kuti popanda iye tikhoza kuumira panja.
Ine ndine mlembi. Chaka chakhumi ndi chinayi chino
dzanja langa likulondola pakamwa pa anzanga.

Januwale. Abwera: khumi ndi mmodzi.
Chipale chofewa chalekeza m'mawondo.
Tagwirizana: masokosi makumi anayi
a okalamba a ku Hajnówka,
ubweya weniweni wa nkhosa, osati woyabwa wa m'sitolo uja.
Sindinalembe kuti maso a Genowefa ayamba kumuthawa,
kuti usiku ndinamasula zidendene zake zonse
n'kuzilukanso mwakachetechete, mwini wake osadziwa.

Malichi. Nkhani ya ketulo.
Msungichuma Bogumiła akuti yakaleyi ikadali ndi moyo,
imangofuna kuigwira pakhosi ikamawira.
Ola lathunthu, mawu pamwamba pa mawu.
Ndinalemba: nkhaniyi yaimitsidwa.
Yakhala ikuimitsidwa chikokolokere mlatho wa pa Narew.

Epulo adokowe abwerera pamtengo wa magetsi,
ife tili chowerama m'mbali mwa msewu ndi matumba akuda,
kutola mabotolo amene amuna athu
amalumbira kuti sanawaonepo.

Juni. Kwabwera mlendo, Oksana, wa kutsidya kwa malire.
Wakhala pafupi ndi chitseko, chikwama pamiyendo,
ngati munthu wodikira basi.
Palibe anamufunsa zimene anasiya kwawo.
Wanda anangomukankhira mpeni ndi beseni la nkhaka.
Mmene anaduliramo katsabola, osayang'ana n'zala zomwe,
tonse tinaponyerana maso.
Ndinalemba: abwera khumi ndi awiri.

Ogasiti tinaluka nkhata ya zokolola,
tirigu mpaka m'tsitsi, zala zili balabala.
Pampikisano wa m'boma tinakhala achitatu.
Zimene Leokadia ananena za oweruza
inki yanga inakana.

Okutobala timatsuka manda opanda abale.
Burashi, ndowa, kandulo m'kabotolo kofiira.
Mitanda ina yapendekeka, ndere zadya zaka,
ndipo mayina ali m'zilembo zimene ambirife tinaziiwala.
Oksana anagwada, anapukuta mwala ndi mkono wa juzi,
nayamba kuwaitana mokweza, mmodzimmodzi,
ngati mphunzitsi m'mawa.
Atafika pa dzina lina anaima.
Sitinafunse. Wanda anamugwirira ndowa.

Novembala. Mpando wa pafupi ndi mbaula ulibe munthu.
Tinaphika msuzi wa pamaliro, mapoto atatu,
tinakangana za mchere
chifukwa zinazo sizinkatuluka pakhosi.

Disembala. Mwana wa Genowefa wabweretsa thumba la ulusi,
akuti kunyumba lilibenso ntchito.
Ndinalitsegula anzanga atatsika masitepe.
Singano zisanu, mpukutu wotuwa wonunkhira sopo wake,
ndi sokosi imodzi yolekezera panjira.
Pomwe ikanakhotera, wabayapo kapepala ndi phini,
zilembo zikuluzikulu, zotsetsereka ngati zaledzera:
Mirka, chidendene ndakusiyira,
monga mwa nthawi zonse.

Ndinakhala pansi osavula chikhoti.
Ketulo ija, yosaigwira munthu pakhosi,
inali kulira yokha pakona.

Kenako ndinatsegula kaundula, pakuti ntchito ndi ntchito.
Abwera: khumi ndi mmodzi.
Ndalama m'bokosi zakwana, Bogumiła wawerenga kawiri.
Nkhani ya ketulo yaimitsidwa.
Msonkhano wotsatira: Lachinayi loyamba la Januwale,
aliyense abwere ndi singano zake.
Oksana wapempha kuti wina amuphunzitse kuluka chidendene.

Kunja Leokadia akugwedeza makiyi,
akuti kodi ndigona momwemo.