Chala cha Namakhwa

Ndinakwera basi ya m'bandakucha ku Jali
nditasenza dzina limodzi lokha
limene amalume anandisiyira asanatsamire mkono:
Namakhwa, wogontha khutu lamanzere,
anawoloka Chilwa wapansi chaka chimene nyanja inaphwa.

Ku nyumba yosungira mbiri, m'tsinde mwa phiri la Zomba,
Bambo Chikhwaza ananditulutsira mabuku a msonkho
omangidwa ndi zingwe.
Chiswe chinanditsogolera kale,
chinadya midzi yathunthu ndi mbuzi zomwe.

Masiku atatu ndikungoyetsemula.

Lachinayi, nkhungu itaphimba mawindo,
ndinakupezani, agogo,
pakati pa Mulima ndi munthu wina wodyeka theka.
Kalaliki analakwitsa dzina lanu.
Nyumba imodzi. Analipira mochedwa.
Pambali, chidindo cha chala, inki itafiira ngati dothi la pachulu.

Ndinasanjika chala changa pa chanu.
"Sitigwira, achimwene," anatero Bambo Chikhwaza,
koma maso ali kunja, kumitengo.

Pa mzere wa mkazi sanalembepo kanthu.
Mpata woyera, waung'ono ngati njere ya mpunga,
ndipo ife tonse tinatulukira pomwepo.
Mawa ndipita kwa azakhali ku Mayaka,
mwina iwo akukumbukira.